Farquhar Matheson, Wovula Nyimbo za Anzake

Ku Ardtorran kuno, mudzi wathu wa ku Scotland, mwamuna aliyense wokhala ndi mapapo ndi zala anayesako kuimba zitoliro za thumba. Ena amaimba bwino, ena amangozunza agalu. Farquhar Matheson anali pakati. Chala sankaphonya ayi, koma iye akamaimba, iwe unkapeza mpata wabwino woganizira za denga lako lodontha.

Ntchito yake inali yogawa makalata. Anaiyamba ali mnyamata pa njinga, n'kudzapuma ali ndi dazi pa kagalimoto kofiira ka positi. Kalata ya munthu sanatsegulepo, pamenepo tisam'namizire. Iye ankangoyang'ana chidindo cha positi ya kumene yachokera.

"Mayi Nicolson, yanu iyi. Malembawa ndi a mwana wanu uja mumati akuphunzira ku Aberdeen. Koma chidindochi n'cha ku Glasgow. Kaya. Tsalani bwino."

Chibadwa chake chinali chimenecho: kufuna kudziwa kumene chinthu chachokera, akadziwa n'kudzakuuza pakhomo pako.

Tsono oimba zitoliro ali ndi kachizolowezi kawo kuyambira kale. Munthu akapita ku usilikali kapena kukagwira ntchito m'sitima za pamadzi, amamva nyimbo kumeneko n'kubwera nayo m'mutu. Akafika kuno amaikhotetsa pang'ono, amaipatsa dzina la phiri la kuseri kwa nyumba yake, kapena la munthu amene wam'gulira wisiki, basi yasanduka yake. Akamwalira, ana ake amati "nyimbo ya bambo", n'kumaiimba pa maukwati ndi pa maliro a banja limenelo. Tonse timadziwa, ndipo palibe amafunsa. Farquhar ankafunsa.

Chipinda chimene anzake akanagonekamo alendo, iye anadzazamo mabuku akale a nyimbo, aja anasonkhanitsa asilikali, aphunzitsi ndi ansembe kalekale poyenda m'midzi kulemba zimene okalamba ankaimba. Amene sanathe kuwagula ankakawakopera pamanja ku laibulale yaikulu ku Edinburgh. Tchuthi chake chonse chinkathera kumeneko. Ngakhale atangokwatira anatengera mkazi wake Ishbel ku Edinburgh komweko, ndipo mpaka lero ukam'funsa Ishbel kuti mzindawo anauona bwanji, amati masitepe a laibulale amawasesa bwino.

Njira yake ankaitcha kuvula nyimbo. Ankachotsa tizokometsera tonse timene zala zimawaza pamwamba, n'kutsala chuni chokhachokha, chamaliseche. Kenako ankachiimba pakamwa, mofulumira, kenako pang'onopang'ono, uku akutsegula masamba. Kaya zitenga sabata kaya chaka, ankachipeza ndithu chitabisala m'buku lina, chili ndi dzina lina ndi mwini wake wina amene anafa agogo ako asanamere mano. Akatero ankalemba kalata ku magazini ya oimba zitoliro. Makalata ake onse ankayamba ndi mawu akuti "N'zomvetsa chisoni kuti...", ndipo tsiku lowatumiza ankayenda akuimba mluzu.

Zinafika poti munthu akamayeserera zitoliro pabwalo pake n'kuona kagalimoto kofiira kakukwera mtunda, ankalekeza pompo n'kuyamba kunamizira kupukuta paipi.

Anavula mabanja ambiri kuno. Koma amene anavulidwa mopweteka ndi Lachie Beaton, msodzi wa nkhanu, yemwe anakhala naye benchi imodzi kusukulu. Lachie ndiye anali katswiri weniweni pa zitoliro, ndipo mlandu umenewo Farquhar sanam'khululukire. Bambo ake a Lachie atamwalira, iye anawaperekeza kumanda ndi nyimbo imene malemuwo ankati anapeka okha. Anaimba mpaka amuna akuluakulu kuyamba kuyang'ana kumbali. Titabwerera ku holo kukamwa tiyi, Farquhar anam'peza pakona.

"Pepa, Lachie. Waimba bwino kwambiri."

"Zikomo, Farquhar."

"Makamaka chigawo chachiwiri chija. Mwini wake akanakondwa."

"Ee, bambo ankachikonda chigawo chimenecho."

"Ayi, ndikunena mwini wake. Sajeni wina wa ku Perth. Ili m'buku. Ndili nalo m'galimoto ngati ukufuna kuona."

Lachie anaika kapu pansi bwinobwino, n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo awiriwo ankalonjerana ndi chibwano chokha.

Farquhar ankayenda chifuwa chili patsogolo chifukwa banja lake linali ndi nyimbo imene palibe anaikayikirapo. Inali nyimbo ya maliro, yaitali, yoyenda pang'onopang'ono, dzina lake "Kulira kwa Ngalawa". Anaipeka Murdo Ban Matheson, agogo a bambo ake a Farquhar. Nkhani yake mwana aliyense kuno amaidziwa. Eni malo atathamangitsa anthu m'chigwa chino kuti aikemo nkhosa, abale ake a Murdo Ban anakwezedwa ngalawa ya ku Canada, iye n'kutsala pa gombe. Anaima pa thanthwe n'kuimba mpaka matanga a ngalawa anazimiririka, ndipo nyimboyo inangom'bwerera yokha, yathunthu. Amati ngakhale oyendetsa ngalawa analira.

Atapuma pa ntchito, Farquhar anaganiza zomangira Murdo Ban mulu wa miyala wachikumbutso pa thanthwe lomwelo, monga timachitira ndi oimba otchuka: aliyense amabwera ndi mwala wake, ndipo pa muluwo amakhomapo chitsulo cholembedwa dzina. Anthu anavomera. Zidzukulu za anthu a m'ngalawa aja zinalemba kuchokera ku Canada kuti zibwera, miyala ili m'zikwama. Pa msonkhano wokonza mwambowo Farquhar anawerenga mawu odzalembedwa pa chitsulo: "Murdo Ban Matheson, amene anapeka 'Kulira kwa Ngalawa' pa thanthwe lino."

Kumbuyo kwa holo Lachie anakweza dzanja.

"Funso limodzi lokha, akatswiri. Yanuyi munaivula?"

"Imeneyi siyofunika kuvula."

"Zathu zonse tikuyenda nazo maliseche. Yanu yokha ndiye inabadwa ndi malaya?"

Holo yonse inafa ndi phwete. Farquhar anafiira mpaka pa dazi.

"Chabwino. Ndipita ku Edinburgh. Buku lililonse ndikalitsegula, ndipo ndikabwerako, iwe udzanyamula mwala waukulu kuposa onse."

"Ndidzanyamula," anatero Lachie.

Anapitadi. Anasanthula mabuku onse a nyimbo za ku Scotland, a asilikali, a aphunzitsi, ngakhale zolemba pamanja zija amakupatsa akukuyang'anitsitsa ngati uzidya. "Kulira kwa Ngalawa" munalibe. Akanakwera sitima tsiku lomwelo, bwenzi lero tikukamba zina. Koma anatsala ndi masana opanda chochita, ndipo Lachie anali ndi kanyimbo kena kovinira kamene Farquhar ankakanunkhiza kuti n'ka ku Ireland. Anaitanitsa buku lakale la wansembe wina wa kumeneko, Bambo Mulhern, amene ankalemba nyimbo za oimba zitoliro a m'misika ndi m'maukwati.

Kanyimbo ka Lachie sanakapeze. Anangoima pa tsamba lina, maso atazindikira kanthu mutu usanadziwe. Inali nyimbo yovinira, yodumphadumpha. Anayamba kuiimba chamumtima, ndipo mwa chizolowezi anaichepetsa liwiro. Anaichepetsanso.

Inali iyo. Chigawo choyamba, chachiwiri, ngakhale malo aja nyimbo imakwera n'kuima, pamene amayi amayambira kulira. Bukulo linasindikizidwa Murdo Ban asanabadwe. Pamwamba pa nyimboyo panali dzina lake: "Mbuzi ya Wansembe Yalowa m'Kabichi".

Apo Farquhar anakumbukira nkhani imene banja lawo silinkaitchula kawirikawiri, yoti Murdo Ban ali mnyamata ankapita kumwera kukagwira maganyu okolola, n'kumagona m'khola limodzi ndi aganyu a ku Ireland. Ndiye kuti tsiku lija pa thanthwe, abale akupita osadzabweranso, zala za mnyamatayo zinangotola chimene zinali nacho pafupi.

Anatseka bukulo, analibweza, n'kuthokoza. Chiyambire kupita ku laibulaleko, tsiku limenelo ndi lokhalo limene anatuluka osakopera kanthu.

M'sitima pobwerera, chinam'pweteka kwambiri si manyazi ayi. Chinam'pweteka n'chakuti pa zonse zimene anafukula m'moyo wake, ichi ndiye chinali chokoma koposa. Nyimbo ya maliro kukhala nyimbo ya mbuzi! Ikanakhala ya a Beaton, kalata yake ikanadzaza tsamba lonse la magazini. Mutu wake unkangoilemba wokha kalatayo, mzere ndi mzere, iye n'kumaifufuta. Anafika kunyumba ali ngati munthu amene wasunga madzi otentha m'kamwa.

"Mwapeza chiyani?" anafunsa Ishbel akum'landira chikwama.

"M'mabuku onse a ku Scotland mulibe."

Ku holo ananenanso mawu omwewo, ndipo silinali bodza. Chitsulo chinalembedwa.

Koma kuyambira pamenepo nyimbo inayamba kutalika. Ankaiyeserera kuseri kwa nyumba tsiku ndi tsiku, akuikoka ngati chingamu, akuiunjikira zokometsera, kuti pasapezeke khutu lomva mbuzi mkati mwake.

"Inu bambo a Mairead," Ishbel anatero pa zenera tsiku lina, "ngalawayo ikafika ku Canada inu mukadali pa chigawo choyamba. Bwerani, supu akuzizira."

"Ndi mmene ankaimbira akale."

"Akalewo akazi awo ankawadikira?"

Kenako Mairead, mwana wawo, amene anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Donegal ku Ireland, anaimba foni. Anati abwera ku mwambowo ndi mwamuna wake pamodzi ndi apongozi ake, Mayi McGinley. Mayiwa Farquhar ankawakumbukira bwino kuchokera pa ukwati: aafupi, a mawu aakulu, ndipo anavina mpaka oimba kupempha kuti apume. Panalibe nyimbo imene sankadziwa mawu ake.

"Asewere avutikirenji ulendo wonsewu?" anatero Farquhar. "Mwambo wake ndi wachisoni, mwanawe. Kulibe zovina. Ndiponso thanthwe lija n'loterera, angathyoke mwendo."

"Bambo, mwala asankha kale. Autsuka ndi sopo."

Tsikulo linali la mu Ogasiti. M'mawa kunagwa kamvula, kenako mphepo inangoti zii. Aliyense wa kuno amadziwa chimene chimabwera pa tsiku lofunda, lonyowa, lopanda mphepo m'mwezi umenewo. Timaudzudzu tating'onoting'ono tija ta m'zithaphwi tinadzuka ngati utsi. Anthu anafika atadzola mafuta othamangitsa timaudzudzuto, ena atavala maukonde kumaso. Farquhar sakanavala ukonde poti pakamwa pankafunika, ndipo mafuta anawakana poopa kuti zala zingaterere. Anavala kiliti yake yatsopano, siketi ya amuna akuno yolekeza m'mawondo, ndipo monga mwamuna wosunga mwambo, mkati mwa kilitiyo munalibe china.

Miyala inaikidwa. Lachie anabwera ndi wake pa wilibala, chimwala choti amuna awiri anachita kum'thandiza kutsitsa. Abusa anapemphera mwachidule, akudziomba makofi m'khosi. Mayi wina wa ku Canada anavundukula chitsulo. Kenako Farquhar anaika thumba m'khwapa, analiuzira mpweya, n'kuyamba.

Woimba zitoliro alibe dzanja lopuma. Zala zili pa mabowo, chigongono chikufinya thumba, pakamwa pali paipi. Ndipo nyimbo ya maliro ukaiyamba suisiyira pakati. Umayenda nayo pang'onopang'ono, phazi ili, kenako ilo. Timaudzudzu tinapeza chakudya chosathawa. Tinayamba ndi dazi. Tinalowa m'makutu ndi m'zikope. Kenako tinapeza njira ya kunsi kwa kiliti.

Chigawo choyamba anapirira, ndipo a ku Canada anali atatulutsa kale mipango. Pa chachiwiri phazi linayamba kufulumira lokha. Zokometsera zinayamba kugwa chimodzichimodzi, poti zala zinkangofuna kukafika kumapeto. Mawondo ankagundana, chiuno chinkagwedera uku ndi uku. Farquhar ankamva ndi makutu ake zimene zikuchitika, koma thupi linali litasiya kumumvera. Anali akuivula yekha nyimbo ya agogo ake, pamaso pa mudzi wonse, ndi njira yake yomwe ija.

Kutsogolo, nsapato ya Mayi McGinley inayamba kugunda pa thanthwe. Nkhope yawo inawala.

"Aa! Koma ndi imeneyi?"

Anaomba m'manja n'kuiyamba, ndi mawu omveka mpaka ku doko:

"Mbuzi ya wansembe yalowa m'kabichi,
mwini ali pa guwa, iyo ili pa masamba,
pofika pa Amen, munda wonse watha!"

Mawu ndi chuni zinalowana ngati phazi ndi nsapato yake. Mkamwini wa Farquhar anayesa kuwakoka malaya amayi ake, koma milomo yake nayenso inkayenda. A ku Canada, poganiza kuti kuno mwambo umatha motere, anabweza mipango m'matumba n'kuyamba kuomba m'manja.

Farquhar anafika kumapeto. Thumba linatulutsa mpweya wotsala, n'kulira mee. Kunkangomveka anthu akudzikanda.

Kunena zoona, mudzi unali wokonzeka kum'siya. Chitsulo chinali chitakhomedwa kale, alendo anachokera kutali, ndipo tiyi ankadikira ku holo. Ngakhale Lachie, amene anayembekezera tsiku ngati limeneli kuyambira pa maliro a bambo ake, anangoyang'ana kunyanja n'kunena mokweza:

"Chitoliro chili ndi mabowo ochepa, anthuni. Nyimbo zimatha kukumana. Tiyeni ku tiyi tisanathe kudyedwa."

Farquhar akanangotsata anthu n'kukamwa tiyi wake. Anali atayamba kale kupinda zitoliro. Koma Mayi McGinley anadza n'kum'gwira mkono.

"Asewere, mwandiliza! Anakuuzani ndani? Nyimbo imeneyi ndi ya kwathu, ya m'nyumba mwathu mwenimweni. Anaipeka agogo anga a Packie, tsiku limene mbuzi ya wansembe wathu inalowadi m'munda mwawo. Mayi anga anaiona ndi maso mbuziyo."

Ishbel anaona khosi la mwamuna wake likutupa.

"Bambo a Mairead," anatero chapansipansi. "Tiyi."

Farquhar anayesetsa, zimenezo tinaziona tonse. Anameza malovu. Anayang'ana nsapato zake.

"Anali munthu wa luso agogo angawo," anapitiriza Mayi McGinley. "Sanaiganizire n'komwe. Inangowabwerera yokha, yathunthu."

"Bodza limenelo, asewere!"

Mawuwo anachita kuphulika.

"Agogo anuwo sanapeke kanthu! Nyimboyi ili m'buku la Bambo Mulhern, limene linasindikizidwa agogo anu asanabadwe, ngakhale agogo awo! Dzina lomwelo, mbuzi yomweyo! Ndinaiona ndi maso angawa ku Edinburgh, tsamba la kumanzere, m'munsi mwa..."

Analekeza pamenepo, pakamwa pali yasa.

Lachie anasiya kuyang'ana nyanja, n'kutembenuka pang'onopang'ono.

"Unaiona liti, Farquhar?"

Farquhar anadzikanda pa dazi.

"Ulendo uja? Chitsulochi tisanalembe?"

"Ine ndinati m'mabuku a ku Scotland mulibe."

"Unaterodi," anavomera Lachie. Anayang'ana chimwala chake chili m'munsi mwa mulu, dzanja lili pa msana. Kenako anapukusa mutu. "N'zomvetsa chisoni kuti..." anatero, n'kusiyira pomwepo, n'kunyamula wilibala yake.

Chitsulo chikadalipo, palibe anafuna kuvutika n'kuchizula. Koma malowo tsopano amatchedwa Mulu wa Mbuzi, ndipo woyendetsa basi ukam'tchulira dzina lina sakuimira. Mayi McGinley anabwerera kwawo osam'tsanzika Farquhar, ndipo pa Khirisimasi amatumiza khadi lolembedwa dzina la Ishbel yekha. Lachie amaiimba nyimboyo pa maukwati, mofulumira, ndipo bwalo limadzaza.

Farquhar sanagwirenso zitoliro pagulu. Koma ku Edinburgh amapitabe. Akuti wansembe uja ayenera kuti nyimboyo anaimva kwa msilikali wa ku Scotland, ndipo kwinakwake kuli buku lakale kuposa lija limene lidzaonetsa zimenezo, mwinanso pamwamba pake pali dzina la Matheson. Ishbel sam'perekeza. Amangom'kulungira masangweji, n'kum'tsatira mpaka pa geti.

"Muyende bwino. Koma mukakapeza kuti ndi ya a Beaton, mudzanenetu."